Tsiku Limene Tinabisa Ana Owonda

Linali Lachinayi la sabata yachiwiri ya Okutobala, nthawi ili teni koloko m'mawa, pamene Bambo Gondwe anafika pa tchalitchi chathu ku Madumabisa, komponi ya antchito a mgodi wa malasha wa ku Wankie. Anatsika sitima m'bandakucha pa Thomson Junction, ndipo abusa anakawatenga pa njinga. Anali munthu wamtali, wa imvi pang'ono, atavala jekete lakuda ngakhale kuti dzuwa la ku Wankie mwezi umenewu limaotcha mpaka m'mafupa. Dzanja lina ananyamula chikwama, lina sikelo yokoleka. Likulu la mpingo linawatuma kudzaona ntchito yathu ya mkaka wa ana, ngati ndalama zikuyenda bwino, komanso ngati ntchitoyo ikufunikadi. Zimene akanalemba iwo ndi zimene zikanachititsa kuti mkaka uzibwerabe kapena uleke. Wosungunula mkakawo ndinali ine.

Ntchitoyi sindinaifune ndekha. Ndinabwera kuno kuchokera ku Dedza nthawi ya chitaganya, kutsata amuna anga, bambo a Maliya, amene amagwira ntchito pansi pa mgodi. Sukulu ndinalekeza Sitandade 2. Pa misonkhano ya amayi ndinkakhala kumbuyo kwenikweni, pafupi ndi khomo, kuti asandipatse pemphero. Tsiku lina Mayi Nyirenda, mtsogoleri wa amayi, anabwera kwathu kudzaona khanda. Anayang'ana pa alumali pamene ndinavundikira makapu ndi kuwafunditsa nsalu poopa fumbi la malasha.

"Make Maliya, makapu anuwa mumawafunditsa tsiku lililonse, kapena munamva kuti ndikubwera?" anafunsa.

Ine ndinangoyang'ana pansi. Iwo anaseka n'kuuza mayi amene anabwera naye kuti, "Tamupeza. Uyu ngakhale mutamuponda phazi anena zikomo. Sangapsereze madzi ali pa miseche ngati enafe."

Malipiro ake anali ochepa, okwana sopo ndi mchere basi. Koma inali ntchito yanga yoyamba, ndipo ndinkaikonda.

Mkakawo sunali wa ana onse. Kuno nyumba ndi posho, chakudya chimene a mgodi amagawa, zimayendera mwamuna amene ali pa ntchito. Mwamunayo akamwalira, kapena akamuchotsa ntchito chifukwa cha matenda, mkazi amayenera kubwerera kwawo. Koma kwathu ndi kutali. Ena amadikira miyezi kuti achibale awatumizire ya ulendo, akugona m'makhitchini a anzawo, ana awo osalandira kanthu. Mkaka unali wa ana amenewo. Unkagulidwa ndi thumba la chifundo la mpingo, ndipo unkabwera pa sitima m'zitini zazikulu, uli wa ufa.

Kasungunulidwe kake Mayi Nyirenda anandiphunzitsa kamodzi kokha. Huta ya ku mgodi, yoitanira anthu ku ntchito, ikalira m'mawa, ndinkayatsa mbaula ya malasha kuseri kwa tchalitchi n'kutereka mgolo wa madzi a pa mpopi. Madziwo ayenera kuwira ndithu, osati kungofunda. Akawira mumawatsanulira mu ndowa yoyera, n'kuvundikira, n'kudikira mpaka mutha kuviikamo chigongono osapsa. Ufa tinkayeza ndi kachitini ka jamu, kosadzaza mpaka phiri, koma kosalaza ndi mpeni. Simuthira ufa mu ndowa mwachindunji. Mumayamba mwaufewetsa m'beseni ndi madzi ochepa, kutakasa ndi mthiko mpaka ukhale ngati phala lopanda mibulu, kenako n'kumaonjeza madzi pang'onopang'ono. Pomaliza mumasefa pa nsalu yoyera, chifukwa fumbi la kuno limalowa ngakhale m'mphika wovundikira. Mwana aliyense ankamwa kapu imodzi pomwepo, ine ndikuona, n'kulandira sipuni ya mafuta a nsomba. Akatha ndinkatsuka makapu ndi sopo n'kuwawiritsa. Chitini chikatha sitinkataya kapena kupatsa munthu. "Chitini chopanda kanthu ndi mboni yanu," ankatero Mayi Nyirenda. "Tsiku lina adzabwera wodzaziwerenga."

Mwa ana onse, amene anandilowa mumtima anali Yosefe, mwana wa aNaphiri. Bambo ake anamwalira ndi chifuwa chaka chimenecho chisanafike pakati, ndipo aNaphiri mawere anawaumira. Yosefe anali atapyola chaka koma sankaima. Tsitsi lake linali lofiirira ndi lofewa, mapazi otupa, ndipo ukadina chala pa phazi, dzenje linkatsala. Sankalira kwambiri. Kapu yake ndinkamumwetsa ndi sipuni, ali pa miyendo panga, Maliya wanga ali kumsana. Pofika Okutobala mapazi aja anali atayamba kuphwa, ndipo ankagwira sipuni yekha kufuna kulanda.

Uthenga wakuti kukubwera mlendo wodzaona ntchito utafika, amayi anakumana Lachinayi la sabata yapitayo. Anagawana zochita. Ena kusesa, ena kuzira pansi, ena kuphunzitsa ana nyimbo yolandirira mlendo. Kenako Mayi Nyirenda anatsitsa mawu.

"Nanga ana odwalawa titani nawo? Mlendo akaona tinthiti tawo adzati, mkaka wonse tinatumiza uja unapita kuti? Adzati tikumwera tiyi amuna athu."

"Adzaterodi," anavomera mayi wina. "Anthu a kulikulu samvetsa. Akaona mwana wowonda, mlandu ndi wathu."

ANaphiri nawo analankhula, atakhala pansi pakona. "Ine musandiimike pamaso pa mlendo. Nsalu yanga ndi yomweyi. Komanso akamva apolisi a komponi kuti ndikadali kuno, andikweza sitima ndilibe pofikira."

Nkhani inatha choncho. Anagwirizana kuti ana odwala ndi amayi awo adzamwe m'mamawa, n'kukakhala m'nyumba mwanga mpaka mlendo atapita, chifukwa nyumba yathu ili kuseri kwa mzere, yosaonekera ku msewu. Pa mabenchi padzakhale ana ooneka bwino, a amayi a mumpingo. Palibe amene anaona ngati tikunama. Kwathu mlendo umamusesera pabwalo, umamuyalira mphasa yatsopano ngakhale yobwereka, wodwala umamulowetsa kuchipinda. Ndi ulemu umene tinakula nawo. Nanenso ndinaona kuti n'zoyenera.

"Ndipo Maliya wanuyo adzakhale kutsogolo," anatero Mayi Nyirenda akumutsina tsaya. "Masaya ngati mabanzi a ku sitolo. Ameneyu yekha atipezera zitini za chaka chonse."

Amayi onse anaseka, nanenso ndinaseka.

Tsikulo litafika ndinamwetsa odwala aja dzuwa lisanakwere, n'kuwatsekera m'nyumba. Denga lathu ndi lalata. Ndinawasiyira ndowa ya madzi, n'kutsegula kazenera ka kumbuyo.

Bambo Gondwe sanafune kupuma. Nyimbo ya ana itangotha anapempha tebulo. Anayamba ndi msungichuma wathu, kuyerekeza buku ndi timapepala ta ku sitima, chala chili pa mzere uliwonse. Kenako anati tiwatulutsire zitini zonse, zodzaza ndi zopanda kanthu. Anazindandalika pa khonde, n'kuziwerenga, n'kugogoda zodzaza kuti amve ngati zinatsegulidwapo. Zonse zinakwana.

"Wosungunula ndi ndani?" anafunsa.

Anandikankhira kutsogolo. Nditayamba kuyeza, mpeni wosalazira ufa unandipulumuka n'kugwa. Iwo anautola, n'kuupukuta ndi mpango wawo, n'kundipatsa. "Musachite mantha, mayi. Chitani monga mumachitira ine kulibe." Anaima pambali panga mpaka ndinasefa. Anatunga pang'ono m'kapu n'kulawa. "Mulibe m'bulu ngakhale umodzi. Kwina kumene ndapita amandipatsa madzi oyera n'kumati ndi mkaka."

Mtima unakhala pansi. Ndinaganiza kuti zatheka.

Atatero anakoleka sikelo yawo pa mtanda wa khonde. Inali ndi ngowe ndi kathumba kansalu kokhazikamo mwana. Ana aja anali atasamba, atadzola mafuta mpaka kunyezimira, ena atavala madiresi a pa Khirisimasi. Ankawakweza mmodzimmodzi, kuyang'ana muvi wa sikelo, kutsitsa chikope cha m'munsi kuti aone magazi, kudina phazi, n'kulemba. Pamene ankapitirira, nkhope yawo inkasintha, koma ife sitinadziwe tanthauzo lake. Atafika pa Maliya anamunyamula n'kunena kuti, "Ho! Ameneyu andithyolera sikelo. Ndi wa yani?"

"Wanga," ndinayankha.

"Bambo ake ali moyo?"

"Ali ku ntchito."

"Posho mumalandira?"

"Inde."

Anangogwedeza mutu n'kulemba.

Chakudya chinali mpunga ndi nkhuku. Asanasambe m'manja anafunsa kuti nkhukuyo yagulidwa ndi ndalama ziti. "Ndi ya m'khola mwanga, bambo," anayankha Mayi Nyirenda. "Ngati mukufuna kuwerenga nthenga zake, zili kuseriku." Anaseka, n'kudya pang'ono.

Atatha anaimirira kutsogolo kwa amayi onse. "Amayi, ndayenda m'malo ambiri chaka chino," anatero. "Mabuku anu ndi oyera. Palibe chasowa, ngakhale chitini chimodzi. Ndipo ana anu ndi onenepa kuposa ana onse amene ndawakweza pa sikelo iyi."

Nthungululu inalira. Amayi anaomba m'manja, wina anayambitsa nyimbo. Iwo anakweza dzanja kuti tikhale chete, ndipo anadikira ndithu mpaka phokoso litatha.

"Simunandimve bwino. Thumba la chifundoli ndi laling'ono, ndipo opempha ndi ambiri. Kumene ndachokera dzana, ana ndimachita kuwagwirira mutu powakweza pa sikelo. Kuno ana ali ndi abambo awo pa ntchito, ali ndi posho. Sakusowa mkaka wa mpingo. Ndikauza akulu kuti zitini zanu zizipita kumene kuli njala."

Ndinayang'ana Mayi Nyirenda. Za ana obisika aja sanaulule. Akanayambira pati? Pamaso pa abusa, pamaso pa mlendo amene wangoyamikira kumene kuti ndife okhulupirika? Abusa anapemphera, mlendo anatsazika, anthu anayamba kutuluka ngati akuchokera ku maliro.

Ine sindikumbukira kuti ndinaganiza chiyani. Ndinapatsira Maliya mayi amene anali pafupi, n'kuthamangira kunyumba. Nditatsegula chitseko, kutentha kunandimenya kumaso ngati ndatsegula uvuni. Amayi aja anali atakhala motsamira khoma, akukupiza ana ndi nsalu. Ndowa ya madzi inali itatha.

"Wapita?" anafunsa aNaphiri.

"Ndibwerekeni Yosefe," ndinatero.

"Mupita naye kuti? Make Maliya!"

Ndinamubereka n'kutuluka. Ndinawapeza Bambo Gondwe pa mtengo wa tsanya umene uli pa mphambano ya msewu wa ku siteshoni. Abusa anali akupopa tayala la njinga. Ndinagwada patsogolo pawo. Mawu onse amene ndinakonza m'njira anathawa. Ndinangomasula nsalu, n'kumutsitsa mwanayo, n'kumukweza m'mwamba ndi manja awiri.

Anamuyang'ana nthawi yaitali. Kenako anaika chikwama pansi, anakoleka sikelo pa nthambi, n'kumukhazika m'kathumba kaja. Muvi unangosuntha pang'ono. Anadina phazi, n'kuyang'ana dzenje likutsala.

"Ali ndi miyezi ingati?"

"Wapyola chaka."

"Ali yekha wotere?"

Ndinapukusa mutu.

"Tsogolani, mayi."

Tinabwerera. Anawerama polowa pakhomo pathu, n'kuima pakati pa chipinda, jekete lili m'manja. Amayi aja anaphimba nkhope ndi nsalu chifukwa cha manyazi. Sanafunse dzina la munthu, ndipo anauza abusa kuti sadzalemba dzina la wamasiye aliyense. Anakweza ana onse pa sikelo, atakoleka pa mtanda wa denga lathu. Akumaliza, Mayi Nyirenda anali atafika, ataima pakhomo, thukuta lili kamukamu.

"Mayi, munawabisiranji?" anawafunsa. Sanakalipe ayi. Ankalankhula ngati munthu wotopa.

"Tinaopa kuti mudzati tikudya mkaka. Komanso, bambo, ndinu mlendo. Tikanakulandirani ndi zotere?"

"Ine sindinabwere kudzacheza. Ndinabwera kudzaona zoterezi." Anapukuta nkhope ndi mpango. "Taonani pamene mwandiika. Ndikalemba za ana a m'tchalitchi aja, akulu adzati kuno kulibe njala. Ndikalemba za awa, adzafunsa kuti m'mawa monse ndimakweza ana a yani, ndipo adzati amayi a ku Wankie amaonetsa zina n'kubisa zina. Mwanditsekera makomo onse awiri."

"Lembani za awa okha," anapempha Mayi Nyirenda. Aka kanali koyamba kuwamva akupempha munthu.

"Sindingathe. Anthu amene amaponya m'thumbali ndi osauka ngati inu nomwe. Amandikhulupirira kuti ndimanena zimene ndaona. Ndikalemba zonse ziwiri, ndipo ndikakupempherani ndi pakamwa panga. Koma sindikulonjezani kanthu."

Potuluka anaima pa ine. "Mkaka wanu ndi wabwino, mayi. Zitini zimene zatsala musazisungunule mopyapyala kuti zikhalitse. Mwana ngati uyu madzi oyera samuthandiza." Anakwera pa njinga ya abusa n'kumapita, sitima isanawasiye.

Madzulo ake Mayi Nyirenda anandipeza ndikutsuka makapu. "Amene salankhula uja," anatero, "lero walankhula mokwanira tonse." Sindinadziwe ngati akundidzudzula. Mwina nawonso sankadziwa. Anatenga nsalu n'kuyamba kupukuta makapu.

Yankho linafika mu Novembala. Akulu anati mkaka uyambe waima mpaka adzatumize munthu wina chaka chamawa kudzaonanso. Sanatinene kuti ndife akuba. Anangoti sakudziwa kuti ana osowa ku Wankie alipo ochuluka bwanji, ndipo sangatumize zinthu kumene sakudziwa. Zitini zotsala zinatifikitsa pa Khirisimasi. Amayi anayesa kusonkha, kugula tizitini ta ku sitolo, koma tinkangokwana masiku ochepa pa sabata. Ine ndinkaphika phala la mgaiwa lothira nsinjiro n'kumapita nalo kwa aNaphiri. Mapazi a Yosefe anatupanso mu Januwale. Mvula ili pakati anayamba kutsegula m'mimba, ndipo thupi linalibe poyambira kulimbana. Tinamuika kuno, pafupi ndi bambo ake. ANaphiri anakwera sitima mwezi wotsatira, kumsana kulibe kanthu. Pa siteshoni anandipatsa sipuni imene ndinkamumwetsera ija. Anali ataisunga m'nsalu.

Nthawi zina ndimadzifunsa ngati kuthamanga kwanga kuja kunathandiza chilichonse, poti mkaka unaima ndithu. Sindidziwa. Chimene ndikudziwa n'chakuti Bambo Gondwe akanamuona Yosefe teni koloko m'mawa, pa benchi ya kutsogolo, akanalemba chinthu chimodzi chokha. Palibe amene anaba. Palibe amene anali ndi mtima woipa. Tinangomulandira ngati mlendo wodzacheza munthu amene anabwera kudzaona chilonda. Mkaka unadzayambanso patapita nthawi, ndipo ndikusungunulabe mpaka lero. Wodzaona ntchito akamabwera ndimasesa, ndimazira, ndimaphika tiyi. Koma mwana amene wandidetsa nkhawa kwambiri ndi amene ndimayamba kumuika m'manja mwake.

M'mawa wa Lachisanu lotsatira tsiku lija, zonsezi ndisanazidziwe, huta italira ndinapita kukayatsa mbaula monga mwa masiku onse. Madzi akuwira, ndinayang'ana benchi imene ana ankakhalapo pomwa. Chiyambire inkakhala kuseri kwa tchalitchi, pakati pa khoma ndi mulu wa malasha, pamene munthu wodutsa sangaone. Ndinaikoka ndekha, mbali imodzi kenako inayo, mpaka kutsogolo, pa khonde loyang'ana ku msewu umene amuna amadutsa popita ku mgodi. ANaphiri atafika anaima patali, akuyang'ana benchiyo, akuyang'ana msewu.

"Pamenepa, make Maliya? Anthu onsewa akuona?"

"Pomwepa," ndinatero. "Inu khalani mkati ngati mukuopa apolisi. Mwanayo ndipatseni."

Anandipatsa. Ndinakhala pa benchipo, Yosefe pa miyendo, nkhope yake kuloza ku msewu, n'kuyamba kumumwetsa ndi sipuni.